Agogo Akathyoka Nyung'unyu: Kumene Kafukufuku wa Opaleshoni Walowera

Nkhani yathu ndi ya fupa limodzi. Fupa lake ndi la ntchafu, kumtunda kwake, pamene limalowa m'chiuno. Mnyamata akathyoka pamenepa ndiye kuti pachitika ngozi yaikulu, ya galimoto kapena ya njinga yamoto. Agogo a zaka 80 sasowa ngozi yotero. Aterereka m'bafa, apunthwa pakhomo usiku, apepesuka podzuka pampando, basi fupa lapita. Kugwa kwake n'kochepa, koma ziwerengero za m'mayiko ambiri zimagwirizana kuti mwa okalamba 100 othyoka malo amenewa, pakati pa 20 ndi 30 amamwalira chaka chisanathe, ndipo ambiri mwa otsalawo sayendanso mmene ankayendera. Mwa odwala anayi alionse, atatu amakhala amayi. Mu 1992 Cyrus Cooper ndi anzake anawerengera kuti anthu othyoka nyung'unyu padziko lonse anali 1.66 miliyoni mu 1990, ndipo adzafika 6.26 miliyoni mu 2050, ambiri a iwo ku Asia.

Mfundo yanga lero ndi imodzi. Kwa zaka zambiri ofufuza ankalimbana ndi funso lakuti tiike chitsulo chanji. Atayamba kuyesa zitsulozo mosamala, pa odwala zikwizikwi, anapeza kuti nthawi zambiri kusiyana kwake n'kochepa. Chimene chimasiyanitsa agogo obwerera kwawo akuyenda ndi agogo osabwererako n'chakuti alowa liti m'fiyeta, aimirira liti, ndipo akuyang'anira mtima wawo, mapapo awo ndi mutu wawo ndani pamene dokotala wa mafupa watsiriza kusoka.

Tiyambe taliona fupalo. Kumtunda kwake kuli mutu wobulungira umene umazungulira m'chibowo cha fupa la m'chiuno. Mutuwo umalumikizika ndi khosi lopendekeka, ndipo kunsi kwa khosilo fupa limatambasuka, pamene pamagwira minofu ikuluikulu. Okalamba amathyoka malo awiriwa, pafupifupi theka pakhosi, theka kunsi kwake. Chosiyanitsa ndi magazi. Timitsempha todyetsa mutu wa fupa timakwawa pakhosi pomwepo. Khosi likathyoka n'kusuntha, timitsemphato timaduka, mutu umasowa magazi, ndipo ukhoza kufa ngakhale dokotala alumikize bwino chotani. Kunsi kwa khosi magazi ndi ambiri ndipo fupa limagwirana, koma likapanda kugwiriziridwa limagwirana mokhota, mwendo n'kufupika.

Astley Cooper wa ku London analemba za kusiyana kumeneku mu 1822, ndipo sankakhulupirira kuti khosi lothyokera m'kati mwa mfundo lingagwiranenso. Masiku amenewo chithandizo chinali kugoneka munthu pabedi, ndipo bedi ndi limene linkapha: chibayo, zilonda zapamsana, magazi kuundana m'miyendo n'kuthamangira kumapapo, matenda a m'chikhodzodzo. Mu 1931 Marius Smith-Petersen wa ku Boston anafalitsa za msomali wa mapiko atatu wokhomera khosilo. Mu 1935 Kellogg Speed wa ku Chicago ankanenabe kuti kuthyoka kumeneku sikunapezekere yankho. Cha m'ma 1940 Gerhard Küntscher wa ku Kiel ku Germany anayamba kulowetsa msomali m'kati mwa mphako ya fupa. M'ma 1950 Austin Moore ndi Frederick Thompson ku America anabweretsa mitu yachitsulo yolowa m'malo mwa mutu wakufa, ndipo kumayambiriro kwa m'ma 1960 John Charnley wa ku Wrightington ku England anakhazikitsa njira yosinthira mfundo yonse, mutu ndi chibowo chomwe, n'kumatira ndi simenti ya mafupa. Zida zimene tikugwiritsa ntchito lero ndi zidzukulu za zimenezi.

Vuto la nthawi imeneyo linali lakuti dokotala aliyense ankalemba za odwala ake okha, n'kutamanda chida chimene manja ake anazolowera. Kusintha kwakukulu kwa zaka za posachedwapa si chida chatsopano ayi, ndi njira yofunsira. Tsopano zipatala zambiri za m'mayiko osiyanasiyana zimagwirizana, odwala amene avomera amagawidwa mwa maere, kompyuta ndiyo imasankha kuti uyu alandire njira iyi, uyo inayo, ndipo onse amalondoledwa mofanana. Potero dokotala sangapatse odwala amphamvu njira imene amaikonda n'kusiyira ofooka inayo. Magulu amene atsogolera ntchitoyi ali ku McMaster University ku Canada, ku Oxford ku England, ndi m'mayiko a Norway ndi Sweden.

Funso loyamba limene njirayi inayankha momveka linali ili: khosi likathyoka n'kusuntha, tilumikize kapena tichotse mutuwo? Ku Norway, Frede Frihagen ndi anzake anagawa odwala 222, ndipo mu 2007 anafalitsa kuti oikidwa mutu wachitsulo ankayenda bwino ndipo sankabwerera kufiyeta kawirikawiri poyerekeza ndi olumikizidwa ndi masikuluwu. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Fupa la nkhalamba lili ngati nsichi imene chiswe chadya m'kati: kunja ikuoneka yathunthu, koma mukakhoma msomali sugwira. Onjezanipo mutu wosowa magazi uja, mupeza kuti olumikizidwa ambiri amafunika opaleshoni yachiwiri, ndipo munthu wa zaka 85 alibe mphamvu zosungira opaleshoni yachiwiri. Lero, pa nkhalamba imene khosi lasuntha, pafupifupi onse amagwirizana zosintha mutu. Kwa munthu wa zaka 40 nkhani ndi ina, mutu wake wachibadwa timaumenyera nkhondo.

Nanga pamene tasankha kulumikiza, makamaka khosi likathyoka osasuntha? Ena ankakonda masikuluwu atatu ang'onoang'ono, ena sikuluwu imodzi yaikulu yotsetsereka yogwirizika ndi kachitsulo kambali. Kafukufuku wotchedwa FAITH, wotsogoleredwa ndi Mohit Bhandari, anagawa odwala oposa 1,000, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2017. Patatha zaka ziwiri, obwereranso kufiyeta anali 20 pa 100 alionse mbali ina, 22 pa 100 alionse mbali inayo. Mkangano wa zaka makumi unathera pamenepo, popanda wopambana. Koma taonani chiwerengerocho: munthu mmodzi mwa asanu anabwerera kukachitidwanso opaleshoni, chida chilichonse chimene anaikidwa. N'chifukwa chake ofufuza ena ayamba kufunsa ngati nkhalamba zofooka kwambiri siziyenera kungosinthidwa mutu ngakhale fupa silinasunthe.

Funso lachiwiri ndi limene ndimafuna ophunzira alimvetsetse, chifukwa likuonetsa mmene umboni umadzudzulira nzeru yooneka yolondola. Tikachotsa mutu, tingaike mutu wachitsulo wokha kuti uzizungulira m'chibowo chachibadwa, kapena tingasinthe ndi chibowo chomwe. Kuganiza wamba kumati kusintha zonse n'kwabwino, popeza chitsulo chikamakhula chichereŵechereŵe cha m'chibowo kwa zaka, chimachidya ndipo munthu amayamba kumva kupweteka. Kafukufuku wa magulu ang'onoang'ono ankaloza komweko, mwakuti mu 2011 bungwe la NICE ku England linalangiza kusintha mfundo yonse kwa okalamba amene ankayenda okha panja, a mutu wabwinobwino, ndi olimba mokwanira. Kenaka panabwera kafukufuku wa HEALTH mu 2019: odwala 1,495, zipatala 80, mayiko 10, onse anthu amene ankayenda okha asanagwe. Patatha zaka ziwiri, ofunika opaleshoni ina anali 7.9 pa 100 mwa osinthidwa zonse, ndi 8.3 pa 100 mwa osinthidwa mutu wokha. Pa kayendedwe ndi ululu osinthidwa zonse anapambana pang'ono, koma pang'ono pake posafika poti wodwala angazindikire. Ndipo mfundo yawo inkaguluka kawirikawiri, 4.7 pa 100 poyerekeza ndi 2.4 pa 100.

Sindikunena kuti kusintha mfundo yonse kulibe malo. Zaka ziwiri n'zochepa, ndipo mayi wa zaka 65 amene amalimabe ndi kupita kumsika wapansi akhoza kukhala zaka zina 20, zokwanira kuti chibowo chidyeke. Koma kwa agogo ambiri, opaleshoni yaifupi, yotaya magazi ochepa, yotsika mtengo, imene dokotala wamba wa mafupa angathe kuichita usiku womwewo, ndi yokwanira. NICE nayo inafewetsa malangizo ake mu 2023. Kwa dziko losauka uwu ndi uthenga wolimbikitsa, chifukwa ukutanthauza kuti sitikuwamana agogo athu chinthu chachikulu tikawaika mutu wokha. Timawamana tikapanda kuwaika kanthu.

Pali malo amodzi pamene chida chinaonetsadi kusiyana, ndipo ndi pa simenti. Tsinde la mutu wachitsulo limalowa m'mphako ya fupa la ntchafu, ndipo lingamatidwe ndi simenti kapena kungokhomeredwa kuti fupa limere molikumbatira. Madokotala ogonetsa amaiopa simenti, ndipo mantha awo ali ndi maziko: ikamakankhidwira m'fupa, mafuta a m'mongo amatha kulowa m'magazi, kuthamanga kwa magazi n'kutsika mwadzidzidzi, nthawi zina mtima n'kuima. Gulu la Matthew Costa ku Oxford, m'kafukufuku wa WHiTE 5, linagawa odwala 1,225 a zaka 60 kupita m'tsogolo. Mu 2022 anafalitsa kuti patatha miyezi inayi omatidwa ndi simenti ankapeza bwinoko pa umoyo wawo wa tsiku ndi tsiku, ndipo fupa linkasweka mozungulira chitsulocho mwa 0.5 pa 100 okha, pamene mwa osamatidwa linkasweka mwa 2.1 pa 100. Imfa sizinachuluke mbali ya simenti. Choncho simenti tiziigwiritsa ntchito, koma dokotala wa mafupa azinena mokweza kuti ndikuthira tsopano, wogonetsa akhale tcheru, mphako itsukidwe bwino, ndipo pa wodwala wa mtima wofooka asakankhe mwamphamvu.

Chimodzi chimene ndimachilemekeza pa gulu la ku Oxford n'chakuti linalowetsamo ndi odwala oiwalaiwala, amene sangathe kusaina okha chikalata. Kale anthu oterewa ankasiyidwa kunja kwa kafukufuku, chonsecho m'wodi ya othyoka nyung'unyu ndi ambiri, ndipo ndi amene amavutika koposa. Umboni wotengedwa pa nkhalamba zamphamvu zokha sungatiuze zochita ndi agogo amene sakudziwa kuti ali m'chipatala.

Za kuthyoka kwa kunsi kwa khosi ndidutsapo msanga. Zida ndi ziwiri, sikuluwu yotsetsereka ija ndi msomali wolowa m'mphako ya fupa, umene unayamba kufala kumapeto kwa m'ma 1980. Ku America msomali walanda malo pafupifupi onse, ngakhale ndi wokwera mtengo. Kafukufuku wa INSITE, wa odwala 850, amene anatuluka mu 2023, sanapeze kusiyana pa umoyo wa odwala patatha chaka. Msomali uli ndi ntchito yake pamene fupa laphwanyikaphwanyika kapena lathyokera m'munsi kwambiri. Pa kuthyoka wamba, chida chakale chotsika mtengo chikugwirabe ntchito. Kufala kwa chida si umboni wa ubwino wake, ndipo ogulitsa zida sakhala pansi.

Tsopano tifike pa nthawi, pamene ndikuona kuti pagona nkhani. Kale ankati nkhalamba idikire, tiyambe taikonza, tiipime izi ndi izo, opaleshoni ibwere sabata yamawa. Koma tsiku lililonse pabedi munthu akumva ululu, sakudya, sakutsokomola bwino, minofu ikusungunuka. Ku Ontario ku Canada, Daniel Pincus ndi anzake anaunika mbiri ya odwala 42,230, ndipo mu 2017 anaonetsa kuti odikira kupitirira maola 24 ankamwalira mochulukirapo m'masiku 30 oyamba, 6.5 pa 100 poyerekeza ndi 5.8 pa 100. Wina akhoza kutsutsa kuti ochedwawo anachedwa chifukwa anali odwalika kale. Pofuna kuthetsa kukayika kumeneku, P. J. Devereaux, Flavia Borges ndi anzawo anachita kafukufuku wa HIP ATTACK: odwala 2,970, zipatala 69, mayiko 17, kuphatikizapo India ndi South Africa. Gulu lina linalowa m'fiyeta patatha pafupifupi maola 6 chidziwikire vuto, lina patatha pafupifupi maola 24. Zotsatira zinatuluka mu 2020. Omwalira m'masiku 90 anali 9 pa 100 ndi 10 pa 100, kusiyana kosadalirika. Mavuto akuluakulu anali 22 pa 100 mbali zonse. Koma ofulumizidwawo anasokonezeka mutu mocheperapo, 9 pa 100 poyerekeza ndi 12 pa 100, anaimirira msanga, ndipo anatuluka m'chipatala msanga.

Ndikupempheni kuti kafukufukuyu mumumve bwino, chifukwa ena amamupotoza n'kumati waonetsa kuti kuchedwa kulibe vuto. Sanaonetse zimenezo. Anayerekeza kufulumira kwambiri ndi kufulumira. Ochedwa ake anali a tsiku limodzi, osati a masabata awiri. Chimene anaonetsa n'chakuti kuthamangira nkhalamba kufiyeta sikuipha, ndiye chifukwa chakale chija chodikirira chagwa. Gulu lomwelo linaonanso kuti odwala amene magazi awo ankaonetsa kuti mtima wavulala pofika kuchipatala, omwewo amene ife timakonda kuwachedwetsa, ndi amene ankaoneka kuti apindula kwambiri ndi kufulumira, ndipo anayambitsa kafukufuku wachiwiri wa anthu oterewa okha.

Pa kagonetsedwe, ambiri a ife tinaphunzitsidwa kuti jakisoni wapamsana ndi wabwino kwa nkhalamba kuposa kuigonetsa yonse. Mark Neuman wa ku Pennsylvania anayesa izi pa odwala 1,600 ku America ndi ku Canada m'kafukufuku wa REGAIN wa 2021. Omwalira kapena olephera kuyenda okha patatha masiku 60 anali 18.5 pa 100 ndi 18.0 pa 100, ndipo kusokonezeka mutu kunali chimodzimodzi. Ku China kafukufuku wa RAGA, wa odwala 950, anapezanso zomwezo. Wogonetsa asankhe njira imene akuidziwa bwino ndi imene ikuyenera wodwala wakeyo. Pa magazi, kafukufuku wa FOCUS wa 2011, wa odwala 2,016, anaonetsa kuti kuthira magazi pamene mulingo wake watsika pansi pa 8, kapena pamene wodwala akuonetsa zizindikiro, kunali chimodzimodzi ndi kuthira mulingowo ukangotsika pansi pa 10. Kumene magazi amasowa, chidziwitso chimenechi chimapulumutsa mapaketi.

Ngati zida zikufanana, kagonetsedwe kakufanana, nanga imfa zatsika bwanji m'mayiko ena? Yankho linayambira m'tauni ya Hastings ku England kumapeto kwa m'ma 1950, kumene dokotala wa mafupa Michael Devas ndi dokotala wa okalamba Bobby Irvine anayamba kuyendera odwala limodzi. Anazindikira kuti munthu amene wabwera ndi fupa lothyoka wabweranso ndi mtima wotopa, impso zofooka, shuga, mankhwala ambirimbiri amene ena mwa iwo ndi amene anamugwetsa, ndi thupi loperewera zakudya. Anatsindika kuti opaleshoni ichitike msanga, ikhale yolimba moti munthu aponde tsiku lotsatira, ndipo asauzidwe kuti aziyenda mwendo umodzi uli m'mwamba, chifukwa nkhalamba singathe. Nzeru imeneyi inatenga zaka pafupifupi 50 kuti ifalikire dziko lonselo.

Chimene chinaifalitsa ndi kuwerenga. Sweden inayamba kaundula wa othyoka nyung'unyu, Rikshöft, mu 1988. Norway inatsatira mu 2005. Mu 2007 ku Britain kunayamba National Hip Fracture Database, imene imalemba odwala oposa 60,000 chaka chilichonse ndi kuonetsa poyera mmene chipatala chilichonse chikuchitira. Mu 2010 boma ku England linayamba kulipira zipatala ndalama zoonjezera zikakwaniritsa mfundo zina, monga opaleshoni maola 36 asanathe ndi kuonedwa ndi dokotala wa okalamba masiku atatu asanathe. Omwalira m'masiku 30 anali pafupifupi 11 pa 100 mu 2007, ndipo patatha zaka khumi anali atatsika pansi pa 7 pa 100. Palibe sikuluwu kapena msomali umene unachitapo chotere. Zinatheka ndi jakisoni wopha ululu pamtsempha wa m'mphechepeche wodwala akangofika, madzi ndi chakudya chokwanira, kutembenuza wodwala, kuchotsa msanga paipi ya mkodzo, kufufuza kusokonezeka mutu tsiku ndi tsiku, ndi wa mafizo wofika m'mawa wotsatira kudzamuimiritsa. Anamwino, ntchito yaikulu pamenepa ndi yanu, ndipo umboni ukukuikirani kumbuyo.

Kaundula wasinthanso zimene ofufuza amayeza. Kale chipambano chinali chithunzi cha ekisireyi chooneka bwino. Lero amafunsa wodwala, kapena womusamala, patatha miyezi inayi: mukutha kupita kuchimbudzi nokha, mukusamba nokha, mukumva ululu, mwabwerera kunyumba kwanu? Ndimaona kuti uku ndiye kukula kwenikweni kwa ntchito yathu.

Ndipo pali fupa lachiwiri. Munthu amene wathyoka nyung'unyu pa kugwa kochepa watiuza kuti mafupa ake onse afooka, ndipo mwendo winawo uli pamzere. Mu 2007 Kenneth Lyles ndi anzake anafalitsa zotsatira za odwala 2,127 amene ena ankalandira mankhwala a zoledronic acid m'dripi kamodzi pachaka pambuyo pa opaleshoni. Kuthyokanso kunatsika ndi 35 pa 100, ndipo imfa zinatsika ndi 28 pa 100. Dripi imodzi pachaka. Komabe ngakhale m'mayiko olemera odwala ambiri amatuluka m'chipatala opanda mankhwala alionse olimbitsa mafupa. Chimenechi chimandiwawa, chifukwa pano sitikusowa chidziwitso.

Kafukufuku yense amene ndatchulayu ali ndi maziko amodzi amene sanenedwa: wodwala aliyense anachitidwa opaleshoni. Ku Oslo kapena ku Toronto palibe amafunsa ngati agogo alowe m'fiyeta kapena ayi. Kuno kwathu ku Malawi funso limenelo ndiye loyamba. Tonse tikudziwa nkhalamba zimene zimagona masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa, mwendo uli womangirira ku zolemera zolendewera kumiyendo kwa bedi, gadiyani atayala mphasa pansi, kumunda kutatsala kopanda munthu. Tikudziwanso ena amene safika n'komwe, amene abale amati ndi ukalamba, n'kuwagoneka m'nyumba mpaka chibayo chitawatenga.

Kwa nthawi yaitali ankati anthu akuda a mu Africa sathyoka nyung'unyu kawirikawiri. Maganizowa anatsamira kwambiri pa kafukufuku wa Louis Solomon wa ku Johannesburg wa mu 1968, nthawi imene anthu ochepa ankafika zaka 80 ndipo ochepanso ankafika kuchipatala. Kafukufuku wa posachedwapa ku South Africa wapeza ziwerengero zokwera kwambiri kuposa zakalezo. Anthu athu akukalamba tsopano, kuphatikizapo amene akhala zaka zambiri ndi HIV. Kachilomboka kamafooketsa mafupa, ndipo tenofovir amene ali m'ma ARV ambiri amachepetsako kulimba kwake. Pasapezeke wosiya kumwa mankhwala chifukwa cha mawu angawa, ndi amene akumusunga moyo, koma ife achipatala tizikumbukira mafupa a anthu amenewa. Gulu la Celia Gregson wa ku Bristol, pamodzi ndi ofufuza a ku Zimbabwe, Gambia ndi South Africa, lakhala likuwerenga othyoka nyung'unyu m'mayiko atatuwa ndi kulondola mmene amathera, m'ntchito yotchedwa Fractures-E3.

Kuno ku Malawi tili ndi poyambira. Kuyambira 1985 dziko lino lakhala likuphunzitsa ma clinical officer a mafupa, amene ndi msana wa chithandizo cha othyoka m'zipatala za m'maboma. Misomali ya SIGN, imene Lewis Zirkle anaikonza kuti izilowetsedwa popanda makina ojambulira m'fiyeta, ikugwira ntchito m'zipatala zathu zikuluzikulu. Linda Chokotho ndi anzake analondola akuluakulu 187 othyoka pakati pa fupa la ntchafu, osati panyung'unyu, ndipo anapeza kuti oikidwa msomali ankapeza bwino msanga, pamene ena ndithu mwa okokedwa mwendo anafunikabe opaleshoni pamapeto pake. Atawerengera ndalama, kukoka mwendo kunapezeka kuti sikotsika mtengo, chifukwa bedi la masabata ambiri limadya chakudya, mankhwala ndi nthawi ya anamwino. Ngati zili choncho kwa anthu amphamvu, kwa nkhalamba imene bedi limaipha kuwerengera kwake sikungakomere kukoka mwendo.

Mafunso athu ndi ena, ndipo sadzawayankha a ku Oxford. Agogo amene afika patatha masabata atatu chigwereni, minofu itafupika, zilonda zitayamba, tiwachite opaleshoni yanji ndipo tiyembekezere chiyani? Mutu wachitsulo wotsika mtengo umakhala bwanji mwa munthu amene amakhala pamphasa, amanjuta pophika, ndipo chimbudzi chake n'chokumba, zinthu zimene zimapinda mfundo kuposa mmene opanga zida anaganizira? Ndi ntchito ziti za dokotala wa okalamba zimene namwino kapena clinical officer wophunzitsidwa bwino angagwire kumene dokotala woteroyo kulibe? Gadiyani, amene ku Ulaya sakhala m'wodi usiku, angaphunzitsidwe kutembenuza, kudyetsa ndi kuyendetsa wodwala mpaka kuchepetsa zilonda ndi chibayo?

Poyambira pake sipafuna makina. Wodi iliyonse ya mafupa ingathe kulemba, pa nkhalamba iliyonse yothyoka nyung'unyu, tsiku limene inagwa, tsiku limene inafika, malo amene fupa lathyokera, chithandizo chimene inalandira ndi tsiku lake, tsiku limene inaimirira koyamba, ndi nambala ya foni ya wachibale. Patatha masiku 30, ndiponso patatha miyezi inayi, wina aimbe n'kufunsa ngati agogo ali moyo ndi ngati akuyenda. Zipatala zinayi zikuluzikulu, Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu, zitachita izi mofanana kwa chaka chimodzi, pamodzi ndi zipatala za m'maboma zimene zimatumiza odwala kumeneko, tikhoza kupita kwa ogawa ndalama ndi chiwerengero cha mitu yachitsulo ndi mapaketi a simenti amene akufunika pachaka, ndi masiku angati a fiyeta. Ophunzira amene mukufuna mutu wa kafukufuku wanu womalizira, tionane tikatuluka muno.